Mabuku a AZW, KFX ndi ACSM akukana kutseguka pa foni ndi pa laputopu

aNabanda:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumazidziwa bwino za mabuku owerengera pa foni ndi pa kompyuta. Mchimwene wanga amene akuphunzira ku Leeds, ku Britain, atabwera kutchuthi anandisiyira fulashi ya mabuku amene ankati andithandiza pa maphunziro anga a unamwino, ndipo ena mwa mabukuwo anachita kugula ndi ndalama zake. Zipangizo ndili nazo zitatu: foni ya Android, tabuleti yakale ya Samsung ndi laputopu ya Windows.

Mafayilo a pa fulashipo ali m'magulu atatu. A gulu loyamba mayina awo akuthera ndi .azw3 kapena .mobi, ndipo ndikawadina foni ikungonena kuti ilibe pulogalamu yowatsegulira. Gulu lachiwiri ndi la mafoda okhala ndi mayina osamveka, oyamba ndi B0 n'kuthera ndi _EBOK, ndipo m'foda iliyonse muli fayilo imodzi ya .azw pamodzi ndi timafayilo tina ting'onoting'ono, kena kake kothera ndi .voucher. Gulu lachitatu ndi kafayilo kamodzi kokha kotchedwa URLLink.acsm, kosakwana ndi 5 KB yomwe, koma mchimweneyo akunenetsa kuti limenelo ndi buku lalikulu la za mankhwala.

Mnzanga wina wandiuza kuti ndingosintha mayinawo kuti athere ndi .pdf, pomwe wina akuti ndiwatumize pa masamba a pa intaneti osinthira mafayilo. Kodi ilipo pulogalamu imodzi imene ingatsegule onsewa pa zipangizo zitatuzi? Ngati palibe, ndi ati amene ndingathe kuwerenga, ndipo ndi ati amene ndisawonongere bandulo yanga?

aMbewe:

ANabanda, pulogalamu imodzi yotsegula zonsezo kulibe, chifukwa pa fulashi yanuyo pali mavuto awiri osiyana amene anthu ambiri amawaona ngati limodzi. Loyamba ndi la mtundu wa fayilo, ndiko kuti mmene mawu, zithunzi ndi mitu zasanjidwira mkati mwake, ndipo limeneli limatha mukangopeza pulogalamu yodziwa kuwerenga mtunduwo. Lachiwiri ndi la loko amene wogulitsa amaika pa buku, wotchedwa DRM, ndipo kiyi wake samayenda ndi fayilo pa fulashi koma amamangiriridwa ku akaunti ya munthu amene anagula ndi ku chipangizo chimene munthuyo analembetsa. Buku likhoza kukhala la mtundu wachilendo koma lopanda loko, ndipo lina likhoza kukhala la mtundu wodziwika ndi aliyense koma lokhomedwa.

Magulu anu awiri oyambawo ndi a ku Amazon, sitolo yaikulu ya pa intaneti. Mitundu imeneyi inayambira ku kampani ya ku France yotchedwa Mobipocket, imene Amazon inagula mu 2005, moti Kindle yoyamba, chipangizo cha Amazon chowerengera mabuku, itatuluka mu Novembala 2007 mafayilo ake a .azw anali a MOBI omwewo, kungoti anawapatsa dzina latsopano ndi loko wa Amazon. Mu 2011 kunabwera mtundu wa KF8, umene ndi .azw3 mukuionayo, wotha kusanja tsamba bwino kuposa MOBI popeza umagwiritsa ntchito HTML5 ndi CSS3 monga masamba a pa intaneti. Kenako mu 2015 kunabwera KFX, ndipo umenewu ndiwo mtundu umene mapulogalamu a Kindle amalandira pa mabuku ambiri ogulidwa masiku ano. MOBI ndi AZW3 olemba mapulogalamu anaizindikira kalekale mkati mwake, n'chifukwa chake mapulogalamu ambiri aulere amaitsegula, pomwe KFX ndi ochepa amene amaikhudza.

Yambani ndi gulu loyamba, ndipo yambirani pa laputopu. Ikanimo Calibre, pulogalamu yaulere imene Kovid Goyal anayamba kulemba mu 2006, imene imagwira pa Windows, Mac ndi Linux koma osati pa foni. Dinani "Add books", sankhani mafayilo a .azw3 ndi .mobi aja, kenako dinani kawiri pa dzina la buku lililonse. Limene latseguka ndiye kuti lilibe loko, ndipo limene lili ndi loko Calibre ikuuzani mosabisa kuti lili ndi DRM, popeza dzina lakuti .azw3 palokha silitsimikizira kuti buku n'lomasuka. Amene atsegukawo mukhoza kuwasintha ndi batani la "Convert books" kuti akhale a EPUB, mtundu umene si wa kampani iliyonse, umene unakhazikitsidwa mu 2007 ndipo panopa ukuyang'aniridwa ndi bungwe la W3C, loika miyezo ya masamba a pa intaneti. Ngati simukufuna kusintha chilichonse, pa foni ndi pa tabuleti ikani ReadEra kapena FBReader, chifukwa onse awiri amatsegula MOBI ndi AZW3 zopanda loko mmene ziliri. Posamutsa mabukuwo gwiritsani ntchito chingwe cha USB, pakuti palibe chifukwa chodyetsera bandulo pa zinthu zimene zili kale m'nyumba mwanu.

Gulu lachiwiri ndilo lovuta. Mafoda amenewo mchimwene wanu anawakopera kuchokera mu "My Kindle Content", foda imene pulogalamu ya Kindle ya pa kompyuta imasungiramo mabuku, ndipo manambala oyamba ndi B0 aja ndi nambala imene Amazon imapereka kwa katundu aliyense m'sitolo yake. Ngakhale fayilo yamkatiyo ikuthera ndi .azw, kawirikawiri imakhala ya KFX. Mukhoza kudzionera nokha: itseguleni ndi Notepad, pulogalamu yolembera ya mu Windows, ndipo pakati pa zilembo zosokonekera za mzere woyamba mukaona mawu akuti DRMION, dziwani kuti ndi KFX yokhomedwa, pomwe fayilo ya MOBI kapena AZW3 imaonetsa mawu akuti BOOKMOBI chakumayambiriro komweko. Mukangoona, tsekani osasunga. Ka .voucher kaja ndiko kasunga chilolezo chotsegulira bukulo, koma kanaperekedwa kwa pulogalamu ya pa kompyuta ya mchimwene wanuyo, moti ngakhale mutaika Kindle pa laputopu yanu n'kukopera mafodawo pamalo oyenera, sadzatseguka.

Za kusintha dzina kuti lithere ndi .pdf zisiyeni, chifukwa zamkati zimakhala zomwezo ndipo pulogalamu ya PDF ingokuuzani kuti fayilo yawonongeka. Masamba osinthira mafayilo amachita ntchito yomwe Calibre imachita, koma mumalipira deta kawiri, potumiza ndi potsitsa, ndipo buku lokhomedwa nawonso amalilephera.

aNaphiri:

Ine ndimagwira ntchito mulaibulale ya pakoleji, ndipo ndiyankhapo za kafayilo ka .acsm, poti kameneka kamasokoneza ophunzira athu chaka ndi chaka. Mchimwene wanu sakunama, aNabanda, koma kafayiloko si buku ayi. Kali ngati kuponi ya feteleza: pepalalo palokha simungathire m'munda, ntchito yake ndi yakuti mukalisonyeze pamalo oyenera nthawi yake isanathe kuti akupatseni thumba. Mukakatsegula ndi Notepad muona mizere yochepa chabe yonena dzina la buku, malo a pa intaneti okalitenga, ndi mzere wa "expiration" wosonyeza tsiku ndi ola limene kafayiloko kadzasiye kugwira ntchito.

Loko wa gulu limeneli ndi wa Adobe, ndipo amagwiritsidwa ntchito ndi masitolo ngati Kobo ndi Google Play Books mukafuna kutulutsa buku kuti muwerengere kwina, komanso ndi malaibulale ambiri a m'mayunivesite obwereketsa mabuku pa intaneti. Pulogalamu yake ndi Adobe Digital Editions, ndipo ndi yaulere. Munthu amailembetsa ndi akaunti ya Adobe, n'kutsegula kafayilo ka .acsm intaneti ili yoyatsa, ndipo pamenepo m'pamene buku lenileni, la EPUB kapena la PDF, limatsika n'kukakhala mu foda ya "My Digital Editions". Akaunti imodzi imaloledwa zipangizo zosapitirira 6. Pa foni ndi pa tabuleti pulogalamu yomweyo ilipo, ngakhale ophunzira athu ambiri amakonda PocketBook Reader, imene nayonso imalandira akaunti ya Adobe.

Musanaike chilichonse mufunseni mchimweneyo mafunso awiri. Loyamba, kodi kafayiloko anakatsegulapo kale pa kompyuta yake? Ngati anatero, bukulo linamangiriridwa ku akaunti yake ya Adobe, ndipo inu mukayesa mulandira uthenga wakuti E_LIC_ALREADY_FULFILLED_BY_ANOTHER_USER. Lachiwiri, kodi bukulo anagula kapena anabwereka ku laibulale ya kuyunivesite kwawo? Ngati ndi lobwereka, kafayiloko kayenera kuti kanatha ntchito kale, ndipo ngakhale kakanagwira, bukulo likanadzitseka lokha masiku obwereka atakwana. Palinso uthenga wina, wakuti E_ADEPT_REQUEST_EXPIRED, umene nthawi zina umabwera kafayilo kasanathe n'komwe, chifukwa chakuti tsiku ndi nthawi za pa laputopu n'zolakwika, zimene zimachitika kwambiri pa malaputopu akale amene kabatire kawo kamkati kanafooka. Choncho muyambe mwaona wotchi ya kompyuta musanataye mtima.

Chinthu chimodzi chimene ndimachenjeza aliyense n'chakuti pulogalamuyi imapereka mwayi wolembetsa kompyuta popanda akaunti, ndipo ambiri amasankha zimenezo pothawa kulemba fomu. Mukatero, bukulo limakhala la kompyuta imodzi yokhayo, simungalisamutsire pa foni, ndipo tsiku limene Windows idzaikidwenso mwatsopano bukulo lidzapita nayo.

aChisale:

Zimene anena aMbewe n'zoona, koma gulu lachiwirilo asaliike m'manda msanga. Mafoda a pa fulashiwo ndiwo opanda ntchito, koma mabukuwo akadalipo mu akaunti ya amene anagula, ndipo khomo lolowera ndi akauntiyo. Pulogalamu ya Kindle ilipo yaulere pa Android, pa iPhone ndi iPad, ndi pa makompyuta, ndipo kuyambira 2011 pali njira yowerengera pa burawuza popanda kuika chilichonse, pa read.amazon.com. Mchimwene wanu akalowetsa akaunti yake mu pulogalamu ya Kindle pa tabuleti yanu, mabuku ake onse aoneka pamenepo, mudzatsitsa amene mukufuna kamodzi kokha, ndipo pambuyo pake mudzawerenga popanda intaneti. Mabuku ambiri amaloledwa pa zipangizo 6 nthawi imodzi, ngakhale osindikiza mabuku a sukulu nthawi zina amachepetsa chiwerengerocho, ndipo zikatero mwini wake amayenera kulichotsa pa chipangizo china kuti inu mupeze malo.

Kale munthu wokhala ndi chipangizo cha Kindle ankatha kutsitsa buku logula pa kompyuta n'kulisamutsa ndi chingwe, koma Amazon inachotsa njira imeneyo pa 26 Febuluwale 2025, moti malangizo ambiri akale amene mungawapeze pa intaneti sakugwiranso ntchito.

Maganizo anga pa nkhani yonseyi ndi akuti munthu akamalipira buku lokhomedwa azidziwa kuti akugula chilolezo chowerenga, osati bukulo, ndipo malamulo a sitolo ya Kindle amanena zimenezo poyera. Mu Julayi 2009 Amazon inafufuta mabuku awiri a George Orwell m'zipangizo za anthu amene anali atalipira kale, chifukwa amene anawaika m'sitolomo analibe ufulu wowagulitsa, ndipo ngakhale inabweza ndalama n'kupepesa, anthu anaona kuti kiyi ali ndi ndani. Mu 2019 Microsoft inatseka sitolo yake ya mabuku, ndipo mabuku onse amene anthu anagulamo anasiya kutseguka, ogulawo n'kubwezeredwa ndalama. Alipo amene amathyola loko pa mabuku amene anagula okha pofuna kuwasunga, ndipo ine ndimawamvetsa, koma sindilongosola njira yake pano, chifukwa ku America lamulo la 1998 lotchedwa DMCA limaletsa kuthyola loko wotere, mayiko ambiri ali ndi malamulo ofanana nalo, ndipo mapulogalamu ambiri olonjeza zimenezo amene amaoneka poyamba mukafufuza pa Google ndi okayikitsa. Kwa inu sizikanathandizanso, popeza ngakhale njira zimenezo zimafuna kiyi wa pa chipangizo cha wogula.

Chimene ndimachita ine ndi kuona kaye ndisanalipire. Pa tsamba la buku ku Amazon, pansi pa "Product details", mukaona mawu akuti "Simultaneous device usage: Unlimited", kawirikawiri ndiye kuti wosindikiza sanaike loko. Osindikiza ena anasiyiratu, monga Tor Books mu 2012, koma a mabuku a zaumoyo ambiri akadakhoma. Popeza mukuphunzira unamwino, onaninso OpenStax ya ku Rice University ku Texas, imene imapereka mabuku a kukoleji aulere mwalamulo, kuphatikizapo a kapangidwe ka thupi la munthu ndi a tizilombo toyambitsa matenda, a PDF opanda loko aliyense.

aMbewe:

AChisale, njira ya akauntiyo imagwiradi, koma pali mbali ina imene aNabanda ndi mchimwene wawo ayenera kuiganizira asanatumizirane mawu achinsinsi pa WhatsApp. Akaunti ya Kindle ndi akaunti yomweyo ya Amazon yonse, yokhala ndi khadi la kubanki, adiresi ndi mbiri ya zonse zimene munthuyo anagulapo, ndipo tabuleti ya m'nyumba ana amaigwiranso. Komanso Amazon ikaona akaunti ya ku Britain ikulowedwa kuchokera ku Malawi imatha kutumiza nambala yotsimikizira ku foni ya mwini wake, moti awiriwa ayenera kupangana nthawi yoti onse akhale pa foni. Ilipo njira yovomerezeka yogawana mabuku m'banja, yotchedwa Family Library, koma imalola akuluakulu awiri okha, iwowo amayenera kuvomera kugwiritsirana makhadi olipirira, ndipo anaikonzera anthu a nyumba imodzi, osati wina ku Leeds wina kuno. Ine ndikanati alowetse akauntiyo pa chipangizo chimodzi chokha, tabuletiyo, aikepo loko wa sikirini, ndipo maphunziro akatha mchimweneyo achichotse pa mndandanda wa zipangizo zake pa tsamba la "Manage Your Content and Devices".

aNabanda:

Zikomo kwambiri nonsenu. Ndaika Calibre, ndipo mabuku a gulu loyamba atseguka kupatula limodzi limene yanena kuti lili ndi DRM. M'mafoda a _EBOK ndapezamodi mawu aja akuti DRMION. Za ka .acsm, mchimwene wanga wayankha kuti bukulo anabwereka ku laibulale ya kusukulu kwawo, ndipo tsiku lolembedwa mkatimo linadutsa kale, ndiye kameneko ndakasiya. Za akaunti tikambirana Loweruka.

Ndatsala ndi funso limodzi. Buku lina la .azw3 lili ndi matebulo ambiri a milingo ya mankhwala. Pa laputopu akuoneka bwino, koma pa foni mizere ya kumanja ikudukira kunja kwa sikirini, ndipo nditalisintha kukhala PDF zilembo zachepa kwambiri moti ndikuchita kukoka tsamba uku ndi uku. Kodi pa buku lotere mtundu wabwino ndi uti? Ndipo kodi amene atsegukawa ndingawaike mu pulogalamu ya Kindle kuti mabuku onse akhale pamodzi?

aMbewe:

Vuto la matebulo silichokera ku mtundu wa fayilo koma ku kukula kwa sikirini. AZW3 ndi EPUB zilibe masamba okhazikika: mawu amadzisanja okha molingana ndi chipangizo ndi kukula kwa zilembo kumene mwasankha, ndipo zimenezi zimayenda bwino pa ndime wamba, koma tebulo la mizere isanu kapena isanu ndi umodzi silingapindike kuti likwane pa foni yoimirira. PDF imachita zosiyana, imasunga tsamba mmene linaikidwira, ndipo ngati tsambalo linakonzedwa pa kukula kwa pepala la muofesi, foni imalichepetsa lonse kuti likwane, n'chifukwa chake zilembo zachepa.

Pa buku la milingo ya mankhwala ndikulangizani mwamphamvu kuti musadalire fayilo yosinthidwa musanaifananize ndi yoyambayo. Posintha mtundu, mabokosi ophatikizana a m'tebulo nthawi zina amasokonekera, nambala n'kugwera pansi pa mutu umene si wake, ndipo zizindikiro zina, monga cha maikulogalamu, zimatha kusanduka kabokosi kopanda kanthu ngati pulogalamu yowerengera ilibe chilembocho. Sungani .azw3 yoyambayo osaikhudza, ndipo matebulo muziwerengera pa laputopu kapena pa tabuleti mutaigoneka cham'mbali, zilembo mutazichepetsa pang'ono. Ngati mukufunabe PDF ya pa tabuleti, bwererani ku "Convert books", sankhani PDF, ndipo pa gawo la "PDF output" sinthani kukula kwa pepala kukhala A5, kuti tsamba lifanane ndi sikirini ndipo zilembo zisachepe. Mukamaliza tsegulani matebulo angapo m'mafayilo onse awiri, muone ngati nambala iliyonse ili pamzere wake.

Za kuika mabukuwo mu pulogalamu ya Kindle n'zotheka kudzera mu Send to Kindle, koma pali chodabwitsa chake: njira imeneyi silandira AZW3, ngakhale mtunduwo ndi wa Amazon yomweyo, ndipo MOBI inasiya kuilandira kumapeto kwa 2023. Imene imalandira ndi EPUB, kuyambira 2022, pamodzi ndi PDF ndi mafayilo a Word, ndipo pa tsamba lake la pa intaneti fayilo imodzi isapitirire 200 MB. Choncho muyenera kuyamba mwasintha bukulo kukhala EPUB mu Calibre, kulitumiza, kenako kulitsitsanso pa tabuleti, ndipo deta ipita maulendo onse awiri. Dziwaninso kuti ngati mu pulogalamuyo muli akaunti ya mchimwene wanu, mabuku amene mwatumizawo akakhala mu laibulale yake, ndipo tsiku limene adzachotse tabuletiyo pa akaunti adzachoka nawo limodzi. Ine ndikanawasiya mu ReadEra, ndipo foda ya "Calibre Library" ya pa laputopu ndikanaikopera yonse pa fulashi ina.